Mthunzi Wokoma ndi Ulendo Wosayambika: Za Nkhawa, Kuzengereza ndi Mtendere wa pa Foni

Khutba yoyamba

Matamando onse ndi a Allah, amene analenga mtima wa munthu ndipo amadziwa chimene chimaugwedeza usiku anthu onse atagona. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja lake ndi pa Maswahaba ake onse. Inu akapolo a Allah, tikudzikumbutsa tokha poyamba, kenako inu, kuti timuope Allah pagulu ndi patokha.

Abale ndi alongo olemekezeka m'Chisilamu, tsiku lina itatha swala ya Isha, m'bale wina anatsalira mu mzikiti mpaka anthu onse atatuluka. Ndi bambo wamalonda, mwini kasitolo kakang'ono, munthu wosaphonya jamaa. Anatenga katundu pa ngongole kwa wamalonda wamkulu wa ku Tete, tsiku lobweza linali litadutsa ndi miyezi iwiri, ndipo m'manja mwake munali theka lokha la ndalamazo. Kuyambira pamenepo foni ikalira mtima wake unkadumpha, chakudya chinasiya kukoma, tulo tinathawa. Mwana wake, pomumvera chisoni, anamuikira m'foni imodzi mwa mapulogalamu aja amene achinyamata amawatcha ma app. Pulogalamuyo imatulutsa phokoso la mvula ndi la mafunde a panyanja, ndipo mawu ofatsa amamuuza munthu nthawi yokoka mpweya ndi nthawi youtulutsa. Bamboyo anati: "Sheikh, masiku ano ndikugona. Koma ndiuzeni, kodi chinthu chimenechi n'chololedwa m'Chisilamu?" Ife tinamufunsa kuti: "Nanga mwini katundu uja munamuimbira?" Anayang'ana pamkeka osayankha.

Funso lake linali labwino, ndipo tiliyankha. Koma pansi pake pagona funso lina limene likukhudza tonsefe, amene tili ndi mafoni otsogola ndi amene tilibe omwe. Kodi mtendere uliwonse wa mumtima ndi wabwino? Munthu amene wapeza tulo, pamene chimene chinamulanda tulocho chikadali chiimire pakhomo, tinene kuti wachira?

Anas bin Malik, Allah asangalale naye, anamutumikira Mtumiki wathu zaka 10, ndipo anasimba kuti ankamumva kawirikawiri akupempha Allah kuti amuteteze ku zinthu 8 zotchulidwa ziwiriziwiri. Dua imeneyi ili mu Sahih al-Bukhari, ndipo ambiri a inu mumaidziwa. Ziwiri zoyamba ndi nkhawa ndi chisoni, zotsatira zake ndi kulephera ndi ulesi, ndipo chakumapeto kwake mulinso kulemedwa ndi ngongole. Ibn al-Qayyim, amene anamwalira ku Damascus m'chaka cha 1350, anafotokoza kusiyana kwake motere: nkhawa ndi ululu wa chimene chikubwera, chisoni ndi ululu wa chimene chinadutsa, kulephera ndi pamene munthu alibe mphamvu, ulesi ndi pamene mphamvu ilipo koma chifuniro palibe.

Chimene tikufuna muchione n'chakuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaika nkhawa ndi kusagwira ntchito mu dua imodzi, moyandikana. Ife timazilekanitsa. Wankhawa timamumvera chisoni, wozengereza timamunyoza kuti ndi mlesi, osadziwa kuti nthawi zambiri ndi munthu mmodzi yemweyo. Wamalonda uja si mlesi, pakuti amatsegula sitolo dzuwa lisanatuluke. Mnyamata amene mayeso a kalasi ya 12 amuyandikira koma buku la masamu salitsegula amatha kusesa bwalo lonse ndi kutunga madzi a nyumba yonse. Ntchito saiopa, koma buku limodzi lija ndilo limamuopsa. Mayi amene wamva kachotupa m'bere, n'kumanena kuti adzapita ku chipatala akakolola, amadzuka m'bandakucha tsiku lililonse. Onsewa akuthawa chinthu chimodzi chimene chikuwachititsa mantha. Munthu akangonena kuti "mawa", mtima umapepuka nthawi yomweyo, ndipo kupepuka kumeneko ndiyo nyambo. Mtima umaphunzira kuti mankhwala a mantha ndi kuthawa, ndipo mawa lake umapemphanso mankhwala omwewo. Akatswiri a za maganizo a masiku ano, monga Timothy Pychyl ndi Fuschia Sirois, anafika pa mfundo yomweyi: kuzengereza kumachokera pa kufuna kuthawa kusamva bwino kwa pakali pano, kuposa pa kusadziwa kugawa nthawi. Makolo athu anaona kumene njirayi imathera pamene anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Imam al-Ghazali, amene anamwalira m'chaka cha 1111, pofotokoza za anthu ochedwetsa kulapa anapereka fanizo la munthu amene akufuna kuzula mtengo, nauona kuti ndi wolimba, nanena kuti adzauzula chaka chamawa. Chaka chikamatha mizu ya mtengowo imalowerera pansi, pamene mphamvu za munthuyo zikucheperachepera. Aliyense amene anasiyapo munda osapalira masabata awiri m'mwezi wa Januwale akudziwa zimenezi popanda kuwerenga buku. Ndipo al-Ghazali sankanena za anthu ena okha. Iye mwini, ali mphunzitsi wamkulu ku Baghdad m'chaka cha 1095, anakhala pafupifupi miyezi 6 akutsimikiza tsiku lina kuti asiya udindo umene ankaona kuti ukuwononga mtima wake, nasintha maganizo tsiku linalo, mpaka lilime lake linakanika kuphunzitsa, chakudya chinaleka kulowa, ndipo madokotala a nthawiyo ananena kuti nthendayo yachokera mumtima. Ngati munthu wa maphunziro otere anagwidwa mu msampha umenewu, tisamuone wopepuka m'bale wathu amene wagwidwamo lero.

Koma palibe amene anaifotokoza nthendayi moona mtima kuposa Ka'b bin Malik, Allah asangalale naye. M'chaka cha 9 cha Hijra, chomwe ndi 630, Mtumiki anaitanira Asilamu ku ulendo wa ku Tabuk, kumpoto, kutali kwambiri ndi Madina. Inali nyengo yotentha, yonga kutentha kwa ku Tete mu Okutobala. Zipatso za tende zinali zitapsa, ndipo mithunzi ya m'minda inali yokoma. Ka'b sanali wachiphamaso. Anali mmodzi wa amene anapereka lonjezo kwa Mtumiki usiku wa Aqaba, ndipo iye mwini anavomereza kuti sanakhalepo ndi mphamvu ndi chuma monga pa nthawi imeneyo: anali ndi ngamira ziwiri zokwera, chinthu chimene sanakhalepo nacho pa ulendo wina uliwonse. Sananene kuti sapita. M'mawa uliwonse ankatuluka kuti akakonzekere, nabwerera asanachite kanthu, akudziuza kuti akangofuna atha kukonzeka msanga. Gulu linanyamuka. Iye anadziuza kuti akonzeka tsiku limodzi kapena awiri, n'kukawapeza panjira. Masikuwo anadutsa monga anzake, mpaka ulendo unamutayika. Akayenda m'misewu ya Madina ankangoona anthu ofooka amene Allah anawapatsa chilolezo, ndi ena odziwika ndi uchiphamaso, ndipo zinkamuwawa.

Taonani bwino, abale: palibe tsiku limene Ka'b anakhala pansi n'kusankha kusamvera Mtumiki. Anangosankha mthunzi wa tsiku limenelo, tsiku lililonse.

Mtumiki atabwerera, amuna opitirira 80 anapita kukapereka zifukwa zawo ndi malumbiro, ndipo iye analandira zonena zawo, zamseri n'kuzisiya kwa Allah. Ka'b anali mlakatuli, munthu wodziwa kulankhula, ndipo akanatha kupeka chifukwa chomveka. Ananena zoona, kuti analibe chifukwa chilichonse. Anthu analetsedwa kulankhula naye, pamodzi ndi anzake awiri, Murara bin ar-Rabi' ndi Hilal bin Umayya, ndipo zinatero mausiku 50. Pakati pa masiku amenewo, ali mu msika, munthu wina wochokera ku Sham anamupatsa kalata ya mfumu ya Ghassan. Kalatayo inali ya mawu ofewa. Inamuuza kuti wachitiridwa nkhanza, kuti munthu wonga iye sayenera kukhala pamalo ponyozeka, ndi kuti apite kwa iwo akamutonthoze. M'masiku onsewo, kalata yokhayo ndi imene inamulankhula mokoma. Ka'b anazindikira kuti nayonso ndi mayesero, naiponya pamoto. M'mawa wotsatira usiku wa 50, atatha kuswali Fajr padenga la nyumba, anamva munthu akufuula ali pa phiri la Sal' kumuuza nkhani yabwino: Allah anali atatsitsa ndime za mu Sura at-Tawba zolandira kulapa kwa atatuwo.

Tisalakwitse pano. Chilango chija chinali cha Mtumiki, pa nkhani ya nthawi imeneyo, ndipo chinatha ndi chivumbulutso. Palibe imamu, kholo kapena mphunzitsi amene ali ndi ufulu womusala mwana chifukwa wazengereza. Zimene tikutenga m'nkhaniyi ndi mthunzi uja ndi kalata ija.

Mthunzi wa Madina sunali haramu, ngakhalenso zipatso za tende. Phokoso la mvula la m'foni nalonso si haramu, ngakhale timadabwa pang'ono kuona munthu wa ku Angónia, kumene mvula imagunda pamalata usiku wonse popanda kulipira, kapena wa ku Metangula, kumene mafunde ali pakhomo, akugula mamega kuti amve mvula ndi nyanja za ku dziko lina. Kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi kuutulutsa mochedwa kumatsitsadi kugunda kwa mtima. Ndi mmene Allah analengera thupi, ndipo si chuma cha chipembedzo chilichonse. Munthu amene wagona bwino amaganiza bwino. Choncho kwa m'bale uja yankho loyamba linali lakuti ayi, sukuchimwa. Koma chinthu chololedwa chikhoza kukhala mthunzi umene munthu amakhalamo gulu likunyamuka, ndipo mawu ofatsa akhoza kukhala kalata ya ku Ghassan, yokuuza kuti palibe chimene walakwa, palibe chimene uyenera kuchita, ungopuma.

Qur'an yolemekezeka ili ndi dzina la bata limene Allah amatsitsa m'mitima, ndilo sakina. Tayang'anani kumene limatchulidwa. Mu Sura at-Tawba likutchulidwa pa nkhani ya kuphanga, Mtumiki ndi Abu Bakr ali pakati pa msamuko, adani ali pafupi. Likutchulidwanso pa tsiku la Hunayn, gulu litabalalika. Mu Sura al-Fath likutchulidwa pa nkhani ya ku Hudaybiya, Asilamu atatsekeredwa njira ya ku Makka. Konseko bata linawatsikira anthu amene anali kale panjira, ndipo linawalimbitsa kuti apitirize. Pali bata lina, lofanana nalo poliona, limene kwenikweni ndi dzanzi. Mwendo ukachita dzanzi sumva kupweteka, koma suyendanso. Mabuku a mbiri ya Mtumiki amasimba za Swahaba wina, Abu Khaythama, amene nayenso anatsalira pa ulendo wa ku Tabuk. Tsiku lina lotentha anafika kumunda kwake, napeza misasa itawazidwa madzi, madzi ozizira akumwa ndi chakudya zili zokonzeka. Anaima pakhomo, nakumbuka kuti Mtumiki ali padzuwa pamene iye ali pamthunzi, ndipo sanalowe. Anakonza ngamira yake nanyamuka, nakawapeza ku Tabuk. Anachedwa monga anachedwera Ka'b, koma tsiku limene mtima unamutsutsa ndi tsiku lomwelo limene ananyamuka.

Muyeso wake ndi umenewu, ndipo sufuna maphunziro: mphindi 10 zikatha, mtima utakhazikika, manja athu akugwira chiyani? Ngati agwira buku, khasu, kapena foni kuti aimbire mwini ngongole, chida chimenecho chatitumikira. Ngati asaka phokoso lina lotonthoza, kenako lina, mpaka usiku watha, ndiye kuti tili pamthunzi. Ndipo tinene mosabisa kuti muyeso umenewu sugwira mafoni okha. Munthu atha kukhala mu mzikiti ndi tasbihi m'manja pothawa munthu amene ali naye ngongole. Mtumiki akavutika ndi chinthu ankathamangira ku swala, ndipo ankamuuza Bilal kuti aitanire swala kuti apumule nayo. Koma akapereka salamu ankadzuka n'kukakumana ndi chinthucho. Munthu amene anafunsa ngati amange ngamira yake kapena aisiye n'kudalira Allah anauzidwa kuti aimange ndi kudalira. Pa nkhani ya ngongole, Mtumiki ananena kuti kuchedwetsa kubweza kwa amene angathe ndi kupondereza. Kuzengereza kwathu kawirikawiri kumalipiridwa ndi munthu wina: mwini katundu, mkazi, mwana, wantchito amene akudikira malipiro ake.

Tsono ena a ife tikamva zimenezi tithamangira ku mbali inayo. Tikafika kunyumba tikamukalipira mnyamata uja, kapena tidzitukwana tokha mumtima kuti ndife achabechabe. Imeneyonso ndi njira ya Shaytwan. Iye ali ndi makomo awiri: pakhomo loyamba amati "nthawi ikadalipo", ndipo munthu akachedwa amamudikira pakhomo lachiwiri n'kumuuza kuti "kwachedwa kale, ndipo iwe ndiwe wotere basi". Manyazi amawonjezera mantha, mantha amawonjezera kuthawa. M'chaka cha 2010, ofufuza a pa yunivesite ya Carleton ku Canada anatsatira ophunzira opitirira 100, napeza kuti amene anadzikhululukira pa kuzengereza kwawo pokonzekera mayeso oyamba ndi amene anazengereza pang'ono pokonzekera achiwiri. Ife izi timazidziwa ndi dzina la tawba. Wolapa amavomereza kulakwa popanda kukuphimba, amakusiya, amatsimikiza kusabwerera, amabweza cha mwini, ndipo sataya mtima ndi chifundo cha Allah. Mu tawba mulibe kudzinyenga, mulibenso kudzipha ndi mawu.

Tsiku lina Mtumiki analowa mu mzikiti napeza chingwe chitamangidwa pakati pa nsanamira ziwiri. Anauzidwa kuti ndi cha Zaynab, amene ankachigwira akatopa pa swala ya usiku. Analamula kuti chimasulidwe, nalangiza kuti munthu aswali pamene ali ndi mphamvu, ndipo akatopa akhale pansi. Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, anasimba kuti ntchito imene Allah amaikonda kwambiri ndi yopitirira, ngakhale ikhale yochepa. Apa ndi pamene tikuona kufatsa koona. Kufatsa sikuichotsa ntchito pamaso pa munthu. Kumaidula tizidutswa mpaka kachidutswa koyamba kamanyamulika. Kwa mnyamata uja ndi tsamba limodzi la masamu, kwa mlimi ndi mzere umodzi, kwa wangongole ndi kulemba papepala ndalama zimene ali nazo ndi zimene zatsala. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndipo kachidutswako kapatsidwe nthawi yake. Ku Italy, munthu wina dzina lake Francesco Cirillo anayambitsa njira yogwira ntchito mphindi 25 kenako n'kupuma, pogwiritsa ntchito kawotchi ka m'khitchini kooneka ngati tomato, ndipo mapulogalamu ambiri a pa foni amatsatira njira yomweyo. Ndi njira yabwino. Koma ife tsiku lathu linagawidwa kale ndi adhana kasanu. Munthu amene wanena kuti "ndichita ichi pakati pa Asr ndi Maghrib" wamanga ngamira yake pamtengo wooneka. Amene wanena kuti "ndichita mawa" waimangirira kumphepo. Pamenepa tidzidzudzule pa chizolowezi chimodzi chimene chafala pakati pathu. Mawu akuti Insha Allah tinalamulidwa mu Sura al-Kahf kuti tiziwanena pa chinthu chimene tatsimikiza kuchita, povomereza kuti mathero ake ali m'manja mwa Allah. Ife tawasandutsa njira yaulemu yonenera kuti "mwina sindichita", mpaka anthu amene si Asilamu akatimva tikuwatchula amayamba kukayika. Dzina la Allah lisakhale chophimba cha kuzengereza kwathu.

Tikunena mawu awa, ndipo tikupempha Allah chikhululuko kwa ife ndi kwa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

Khutba yachiwiri

Alhamdulillah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wa Allah. Abale ndi alongo, amene akufuna kugwiritsa ntchito mapulogalamu amenewa, kapena amene ana awo akuwagwiritsa ntchito, asankhe ndi maso otsegula.

Ambiri mwa iwo amayamba aulere, kenako amafuna ndalama mwezi ndi mwezi kapena za chaka chonse. Kafukufuku wina wofalitsidwa m'chaka cha 2019 anayang'ana mapulogalamu 93 a za umoyo wa maganizo, napeza kuti pakatha masiku 30, anthu pafupifupi 3 okha pa anthu 100 alionse ndi amene amakhala akuwatsegulabe. Wangongole asawonjezere ngongole polipira chaka chonse chinthu chimene mwina achisiya mwezi usanathe. Pulogalamu imene imawerenga masiku otsatizana, n'kukuchititsa manyazi ukadumpha tsiku limodzi, kapena imene imalira tsiku lonse ndi timauthenga tokumbutsa, ikuwonjezera nkhawa imene inalonjeza kuichotsa. Yabwino ndi imene imakulola kuyambiranso mwakachetechete, ndipo ikamaliza ntchito yake imakusiya upite.

Nkhani imene tikufuna kuikhalirapo pang'ono ndi ya amana. Zimene munthu amalemba m'foni usiku, za mantha ake, za banja lake, za machimo ake, ndi zinsinsi zimene Allah anamuphimbira. Kodi zikupita kuti? Mu Novembala 2020, atolankhani a ku America anaulula kuti uthenga wosonyeza malo amene anthu ogwiritsa ntchito Muslim Pro ali unkafika ku kampani yotchedwa X-Mode, imene ena mwa ogula ake ankagwira ntchito ndi asilikali a dziko la America. Eni pulogalamuyo anakana kuti anagulitsa uthengawo kwa asilikali, koma analengeza kuti athetsa mgwirizano wawo ndi kampaniyo. Imeneyo ndi pulogalamu ya nthawi za swala ndi Qibla, imene Asilamu mamiliyoni ambiri anaikhulupirira. M'chaka cha 2023, bungwe la boma la America loona za malonda linalamula kampani ya uphungu wa pa intaneti ya BetterHelp kuti ibweze madola 7.8 miliyoni chifukwa chopereka uthenga wa makasitomala ake kwa Facebook ndi makampani ena otsatsa malonda. Dzina la Chiarabu kapena chithunzi cha mzikiti pa pulogalamu si umboni wa kukhulupirika kwake. Pulogalamu ya phokoso la mvula ikapempha kuona manambala a anzanu, zithunzi zanu ndi malo amene muli, dzifunseni kuti mvula ikufuna zimenezo kuti itani nazo.

Yang'ananinso mizu ya zimene mukuuzidwa. Mmodzi wa amene anayambitsa Headspace, Andy Puddicombe, anaphunzira kusinkhasinkha ali m'monke wa Chibuda, ndipo mapulogalamu ambiri a mtundu umenewu anachokera ku mwambo umenewo, ngakhale anachotsamo mayina a chipembedzo. Izi sizikutanthauza kuti chilichonse chili m'menemo n'choletsedwa. Kuwerenga mpweya ndi kumasula minofu ya thupi ndi nkhani ya thupi. Koma mukauzidwa kubwereza mawu amene simukudziwa tanthauzo lake, kapena kupempha zofuna zanu kwa chilengedwe m'malo mwa Mlengi, kapena kukhulupirira kuti maganizo anu okha ndiwo amalemba tsogolo lanu, pamenepo mwalowa m'nkhani ya chikhulupiriro, ndipo muime, mufunse odziwa. Kumbukiraninso kuti pulogalamu yotonthozayo imakhala m'foni imodzi ndi Facebook, TikTok ndi juga ya pa foni imene yameza ndalama za achinyamata ambiri. Munthu amalowa kufuna mphindi 10 za bata, n'kutuluka tambala akulira. Ngati n'kotheka, tsitsani zomvera zanu masana, ndipo usiku muzimitse intaneti. Inu amene mulibe mafoni otere musadzione kuti mwatsalira. Madzi a wudhu pankhope, kuyenda wapansi kubwera ku mzikiti, zikiri za m'mawa ndi za madzulo, ndi mnzanu mmodzi wosunga chinsinsi, zimenezi zakhazika mitima ya Asilamu kwa zaka zoposa 1400.

Palinso nkhawa ina imene foni singaithe, ndiponso imene sitiyenera kuitcha kuchepa kwa imani. Pakati pathu pali abale amene anathawa nkhondo ya ku Cabo Delgado imene inayamba mu 2017, pali amene anataya nyumba ndi achibale pa namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023, ndipo ena a iwo mphepo ikangoomba pamalata thupi lonse limanjenjemera. Mneneri Ya'qub, mtendere ukhale pa iye, analira mwana wake Yusuf mpaka maso ake anayera, ndipo anali mneneri. Abu Zayd al-Balkhi, katswiri wa Chisilamu amene anamwalira m'chaka cha 934, analemba buku la umoyo wa thupi ndi wa mzimu, ndipo m'menemo anasiyanitsa chisoni chimene chifukwa chake chikudziwika ndi chija chimene chimamugwera munthu popanda chifukwa chooneka, nanena kuti chachiwirichi chimafunanso chithandizo cha mankhwala. Choncho amene wakhala masabata ambiri osagona, osadya, osatha kugwira ntchito, amene mtima umamuthamanga mpaka kuona ngati akufa, makamaka amene wayamba kuganiza zodzichotsera moyo, apite ku chipatala, ndipo abale ake amuperekeze lero lomwe. M'zipatala za boma muli ogwira ntchito ophunzitsidwa za matenda a maganizo. Kupita kwa iwo sikutsutsana ndi dua, monga mmene kumwa mankhwala a malungo sikutsutsana ndi dua.

Tibwerere kwa wamalonda uja. Usiku umenewo sitinamuuze kuti afufute pulogalamu yake. Tinatenga pepala, ndipo iye analemba ndalama zimene ali nazo, zimene zatsala, ndi zimene angathe kupereka mwezi uliwonse popanda kulanda chakudya cha ana. Tinagwirizana kuti m'mawa ikatha Fajr akhala nafe pakhonde la mzikiti mpaka nthawi yotsegula masitolo itakwana. M'mawa anabwera. Manja ake ankanjenjemera, ndipo anapempha kuti ayambe wapuma monga mmene foni inamuphunzitsira. Tinamudikira. Kenako anaimba. Mwini katundu anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa chokwiyira. Chimene chinamupweteka kwambiri, monga ananenera yekha, sizinali ndalama koma miyezi iwiri ya foni yosayankhidwa. Anavomera kulandira theka tsiku lomwelo, zotsalazo pang'onopang'ono. Kukambirana konse sikunathe mphindi 7. Inu amene ena ali nanu ngongole, kumbukirani kuti chakumapeto kwa Sura al-Baqara mukulamulidwa kumudikira amene ali pamavuto mpaka atapeza bwino, ndipo musalankhule mwanjira yoti munthu aziopa kukuimbirani.

O Allah, khazikani mitima ya amene ali ndi nkhawa pakati pathu, apepukitseni amene alemedwa ndi ngongole, chizani odwala athu m'thupi ndi m'maganizo, bwezerani kwawo mwamtendere abale athu othawa nkhondo, ndipo alimbitseni ana athu amene akukonzekera mayeso. Tikhululukireni ife, makolo athu ndi Asilamu onse, amoyo ndi amene anatsogola. Amin. Imirirani tiswali.